Chenjezo kwa Makolo: Musanakagone M'tenti ndi Mwana Wamng'ono

Makolo nonse amene mukukonza zokagona kunja ndi mwana wongoyamba kumene kuyenda, kaya ndi ku Cape Maclear, ku Senga Bay, pamwamba pa phiri la Zomba, ku Nyika, kapena kumsonkhano wa misasa wa mpingo wanu, mawu oyamba ndi awa: mbaula isalowe m'tenti. Isalowe ikuyaka, isalowe itazilala, ndipo isaikidwe pakhomo pa tenti poti ingofunditsako pang'ono. Zina zonse zimene ndinene m'munsimu n'zofunika, koma pa mbaula palibe zokambirana.

Makala akamanyeka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Utsi wa nkhuni umachenjeza, poti umatsokomoletsa ndi kuwawa m'maso. Mpweya uwu suchenjeza: suoneka, sununkha. Ukalowa m'thupi umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndiye magaziwo amangozungulira opanda chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Wamkulu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kulefuka, n'kumati ndi kutopa kwa ulendo, n'kutembenuka kupitiriza tulo. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu ndipo kathupi kake n'kochepa, choncho mpweyawo umayamba ndi iye. Sanganene kuti mutu ukuwawa. Amangonyinyirika pang'ono, mwina kusanza, kenako n'kugwa m'tulo tofa nato, mayi n'kumayamika kuti lero mwana sanavutitse.

Chimene chimapusitsa ambiri n'chakuti makala amene lawi lawo latha, aja okutidwa ndi phulusa loyera, amatulutsabe mpweyawu kwa maola ambiri. Ena amati tenti ndi nsalu chabe, mphepo imalowa. Iwalani zimenezo. Matenti amasiku ano anawapanga kuti mvula ndi mphepo zisadutse, ndipo usiku wozizira inu nomwe mumatseka kabowo kalikonse. Ku Britain, mu 2012, atsikana awiri, wina wa zaka 6 wina wa zaka 14, anamwalira atagona m'matenti pa ngozi ziwiri zosiyana, onse chifukwa cha mpweya wa makala owotchera nyama. Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Nyengo yozizira ikafika timamva apolisi akulengeza za alonda ndi mabanja amene apezeka atafa m'chipinda chotseka, mbaula ili pambali. Tenti ndi yaing'ono kuposa chipinda chilichonse.

Mukadzidzimuka usiku mutu ukuwawa, mnzanu nayenso akudandaula mutu, mwana walefuka kapena sakudzuka msanga, musayambe kufufuza Panado m'chikwama. Tulukani nonse nthawi yomweyo, mwana akhale woyamba, ndipo thamangirani kuchipatala ngakhale aoneke kuti watsitsimuka. Mukafika nenani mosabisa kuti munagona ndi mbaula. Zizindikiro zake zimafanana ndi za malungo, ndipo dokotala akapanda kuuzidwa angathe nthawi akufunafuna matenda ena pamene mwana akufunika okosijeni. Lamulo la mbaula lija likukhudzanso sitovu ya gasi, nyali ya parafini, kandulo ndi jenereta yolirira pafupi ndi tenti. Pounikira pali tochi. Nsalu ya matenti ambiri ikagwira moto imasungunuka ngati jumbo, n'kumamatira pakhungu.

Chimene chimakokera mbaula m'kati n'chodziwika: kuzizira. Ku Chelinda pa Nyika, pamtunda wa mamita oposa 2,000, mu Juni ndi Julayi udzu umatha kucha utayera ndi chisanu. Pa Zomba ndi pa Mulanje chiperoni chikakhazikika, zonse zimachita chinyezi, mpaka mabulangete. Kuzizira kwambiri kumachokera pansi, choncho yambani ndi pogona: mphasa kapena lona pansi, matiresi pamwamba pake, bulangete lina loyala. Mwana avale zovala zingapo zopyapyala kusiyana ndi chijuzi chimodzi, chipewa kumutu, sokosi kumapazi. Thewera lonyowa lisinthidwe usiku womwewo, lisadikire m'mawa. Pofuna kudziwa ngati wafunda, mugwireni pachifuwa kapena kumsana, chifukwa manja ndi mapazi zimanamiza. Nkhope yake isakwiririke m'zofunda za akuluakulu, ndipo amene wamwa mowa asagone moyandikana naye. Ngati zofunda zanu n'zoperewera, ulendo wakuphiri udikire Seputembala.

Tsopano nkhani imene ndikufuna ilowe m'mutu mwa aliyense. Kunyumba mwana amatetezedwa ndi zinthu zimene sitiziwerengera n'komwe: chitseko chokhala ndi loko, khoma, mpanda, shelefu yaitali pomwe pamakhala machesi ndi mankhwala. Mayi akhoza kutembenuka kukavundula nsima podziwa kuti mwana safika patali. Kumsasa zonsezo kulibe. Moto uli pansi, mpeni uli pansi, botolo la parafini lili pansi, madzi ali poteropo, ndipo pakati pa mwana ndi tchire pali zipi yokha. Mwana wa zaka ziwiri akaona zipi ikutsegulidwa kangapo, waidziwa. Komanso ana amsinkhuwu amadzuka mbandakucha, nthawi imene akuluakulu amene anachezera pamoto ali m'tulo tokoma. Kokerani timitu ta zipi pamwamba pomwe safikira, ndipo wamkulu mmodzi agone mopingasa pakhomo, kuti wotuluka aliyense amuponde. Loko musaikepo, moto ukabuka mudzafuna kutuluka msanga.

Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ndi mawu abwino amene alera ambiri a ife. Koma pagulu lalikulu, monga kumisasa ya mpingo kapena paulendo wa banja lonse, mawuwa amagonetsa anthu. Mayi akuganiza kuti mwana ali ndi azakhali ake. Azakhali anamuona akutsata agogo. Agogo akuti anamusiya ndi ana anzake. Anthu khumi ndi awiri ali pamphasa, aliyense mtima uli m'malo, mwana ali yekha kuseri kwa galimoto. Ngozi zambiri za ana aang'ono zimachitika akuluakulu ali pafupi, osati atachoka. Choncho nthawi iliyonse pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene ntchito yake ndi mwanayo basi, ndipo popatsirana pamveke mawu. "Achemwali, mwana ndamusiya m'manja mwanu, ine ndikukatunga madzi." Winayo ayankhe: "Ndamulandira, pitani." Ngati sanayankhe, simunamusiye. Zikumveka ngati zamwambo wa kuofesi, ndipo ena adzakusekani, koma asekeni. Wolandirayo asakhale amene akuphika, amene maso ali pafoni, kapena amene wagwira botolo. Asakhalenso kamtsikana ka zaka 7. Kunyumba timabereketsa ana kwa ana anzawo, koma pafupi ndi madzi ndi moto umenewo ndi katundu wosayenera msinkhu wake, ndipo zikavuta adzasenza mlanduwo moyo wake wonse.

Madzi ndiwo amalanga msanga kulekerera kotereku. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi padziko lonse, ndipo mwa anayi alionse pafupifupi mmodzi anali mwana wosakwana zaka zisanu. Musayembekezere kumva kukuwa. Mwana akamamira salira ndipo saphiriphitha; pakamwa pakalowa madzi mawu satuluka, ndipo mphindi zochepa zimakwana. Safunanso nyanja kuti amire. Mutu wa kamwana ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake, moti akasuzumira m'ndowa n'kugweramo chamutu sangathe kudzitulutsa. Ndowa yotsukira mbale, beseni losambira, dzenje lotayira madzi kuseri kwa msasa, zonsezi zikhuthulidwe kapena zivundikiridwe mukangomaliza ntchito.

Kunyanja, tenti imangidwe kutali ndi gombe, ngakhale malo okongola akhale apafupi ndi madziwo. Mwana akakhala m'madzi kapena m'mphepete mwake, womuyang'anira akhale poti akatambasula dzanja amugwira. Kumuonera patali muli pampando si kumuyang'anira. Timachubu topopa ndi zoyandamitsa zovala m'mikono ndi zoseweretsa chabe, ndipo kamphepo kakang'ono kamazikankhira kwakuya mwana ali momwemo. Miyezi yozizira mwera ukawomba mafunde amakula mwadzidzidzi, amagwetsa ngakhale wamkulu. Masiku a chikhamu, monga Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala ndi nyengo ya Khirisimasi, ndi oopsa koposa: nyimbo zili pamwamba, mowa uli m'manja, ana ali mbwee m'madzi, ndipo kamutu kamodzi kakasowa palibe amene amazindikira. Kumapiri nako musakuderere. Miyala ya ku Dziwe la Nkhalamba ndi m'mphepete mwa Likhubula ndi yoterera, madzi ake ndi ozizira ndi akuya, ndipo mvula ikagwa pamwamba pa Mulanje mtsinje umadzaza pansi pano dzuwa likuwala. M'khwawa louma musamangemo tenti.

Mwana akavuulidwa m'madzi ndipo sakupuma, musamuzondotse kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke. Kumeneko n'kutaya nthawi. Mugonekeni chagada pamalo olimba, muuzireni mpweya m'kamwa kasanu, kenako kanikizani pakati pa chifuwa ndi dzanja limodzi maulendo 30, muuzirenso kawiri, n'kumabwereza choncho wina akukonza galimoto. Ngakhale atsitsimuke n'kuyamba kusewera, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi amene alowa m'mapapo amatha kuyambitsa vuto patapita maola. Ndi bwino kholo lililonse likaphunzire zimenezi kwa azaumoyo kapena a Red Cross lisananyamuke, osati kudzaziyesa koyamba pa mwana wake.

M'madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja, makamaka pafupi ndi midzi ndi pomwe pali bango ndi udzu, mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo dera la Cape Maclear limadziwika ndi vutoli. Tizilombo take timalowera pakhungu, ndipo malo osaya amenewo ndi omwe timakhazikapo ana kuti azisewera. Madzi osambitsa mwana atenthetsedwe kaye kapena akhale m'ndowa yovundikira masiku awiri. Mukaona magazi mumkodzo patapita milungu, kapena mukudziwa kuti anasewera m'madzi otere, kamuyezetseni. Mankhwala a praziquantel alipo, koma mlingo wa mwana wamng'ono aunene ndi achipatala.

Za zilombo anthu amaziopa kale, ndiye sindichulutsapo mawu. Mikango inabwezeretsedwa ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018, koma chimene mungakumane nacho usiku pafupi ndi Shire ndi mvuu, imene imatuluka kukadya msipu ndipo siifuna kupeza chinthu pakati pa iyo ndi madzi. Musamange pa njira yake. Njovu zimadutsa m'misasa ina ya m'nkhalango, ndipo mwana wothamanga akukuwa ndi amene simungamuuze kuti aime chilili. Ng'ona imadikira m'mphepete, ndipo msinkhu wa kamwana ndi wosavuta kwa iyo. Anyani ndi apusi ozolowera alendo amalanda chakudya m'manja mwa wamng'ono kwambiri pagulu, mwina n'kumuluma, choncho asayende ndi nthochi kapena bisiketi m'manja. Akalumidwa ndi nyani kapena galu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita kukalandira katemera wa chiwewe. Funsani eni malo musanalipire ngati amalola ana amsinkhuwu. Akakana, akudziwa chimene akukanira.

Zing'onozing'ono zapansi ndi zimene mwana amakumana nazo, poti iye dziko lake ndi pansi. Mphiri sithawa munthu, imangogona phee panjira kapena m'masamba ouma. Chinkhanira chimabisala m'nsapato ndi pansi pa nkhuni. Linthumbu likalowa m'tenti usiku, wamkulu amadumpha, mwana amangolira osadziwa kothawira. Sesani pamalo musanamange, chakudya chisagone m'tenti, kutumulani nsapato ndi zofunda, ndipo mwana asayende chosavala kumapazi kukada. Njoka ikamuluma, musateme mphini, musayamwe, musamange mwendo ndi chingwe. Mutonthozeni, mwendowo usagwedezeke, munyamuleni mupite. Ku Vwaza, ku Nkhotakota ndi ku Kasungu kuli kashembe wofalitsa kaodzera, amene amaluma masana ndipo amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu.

Pamoto, ngozi yaikulu imabwera m'mawa. Usiku aliyense amauona moto ndipo amamugwira mwana. Kukacha pamangooneka phulusa, koma pansi pake makala akadali amoyo, makamaka ngati munakwirira ndi mchenga m'malo mothira madzi. Kamwana kamaponda pomwepo kapena kugwerapo ndi manja. Zimitsani ndi madzi mpaka muthe kugwira phulusalo ndi dzanja lanu. Poto wa phala, ketulo ndi kapu ya tiyi zisakhale pamphasa. Akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, kwinaku thupi lonse mutalifunditsa, kenako phimbani ndi nsalu yoyera. Colgate, dzira, mafuta ophikira ndi dothi zimangoipitsa bala, ndipo anamwino amayamba avutika kuzichotsa mwana akukuwa. Parafini ndi petulo zisasungidwe m'botolo la zakumwa, chifukwa kwa mwana waludzu botolo la Fanta ndi Fanta. Akamwa, musamusanzitse, posanza mafutawo amalowa m'mapapo, komwe amaononga koposa. Pitani naye kuchipatala, botololo mutenge.

Udzudzu wa malungo umaluma usiku, ndipo kumsasa usiku wonse muli kwawo. Dzuwa likamalowa mwana avale zofika m'manja ndi m'miyendo, alowe m'tenti msanga, zipi itsekedwe, ndipo neti yonyikidwa m'mankhwala imangidwe m'kati momwemo ngati tentiyo ili ndi pobooka. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu asapakidwe m'manja mwake, poti manjawo amathera m'kamwa ndi m'maso. Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S mu Epulo 2019, koma katemerayu amachepetsa chiopsezo, sachotseratu; wobayitsa nayenso agone m'neti. Malungo saonekera tsiku lomwelo. Amatenga mlungu kapena kuposerapo, nthawi imene ulendo mwauiwala kale. Thupi likatentha, kamuyezetseni tsiku lomwelo, ndipo akapatsidwa LA amalize yense.

Apa ndilankhule ndi abale amene mumabwera patchuthi kuchokera ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku London. Mwana wobadwira kumeneko thupi lake silinakumanepo ndi malungo, ndipo akawatenga amatha kufika pa kayakaya m'masiku ochepa. Zoti inu munakulira ku Nkhotakota osagona m'neti sizimuteteza iye, ndipo inunso chitetezo chija chinachepa pa zaka zimene mwakhala kunja. Kaonaneni ndi dokotala kukadali milungu ingapo kuti akupatseni mankhwala oteteza oyenera msinkhu wake. Mukabwerera, thupi likangotentha, uzani dokotala wakumeneko kuti mwanayu anali ku Malawi, apo ayi adzamuyesa wa chimfine.

Kutentha nako kumapha. Mu Okutobala ndi Novembala, kuchigwa cha Shire kumafika madigiri 40 ndi kupitirira, ndipo m'tenti yomangidwa padzuwa mumatentha kuposa panja. Mwana asagonekedwe m'menemo masana, ndipo m'galimoto yotseka asasiyidwe ngakhale kwa kamphindi. Ayamwe kapena amwe pafupipafupi. Thewera likakhala louma nthawi yaitali, madzi achepa m'thupi. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe WaterGuard, a m'nyanja ndi a mumtsinje omwe, kaya aoneke oyera chotani. Kolera imene inabuka mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Pamene pasonkhana anthu ambiri zimbudzi zili zochepa, matenda otsegula m'mimba sachedwa. Chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi, osati patchire, ndipo sopo akhale pomwepo. M'chikwama musasowe mapaketi a Thanzi ORS ndi zinc. Chimbudzi chokumba cha kumsasa, chija chongotchinga ndi udzu, mwana asapiteko yekha.

Musananyamuke, dziwani kumene kuli chipatala chapafupi, msewu wake, ndi nthawi imene mungatenge usiku. Pa Zomba mukhoza kutsika phiri n'kufika ku Zomba Central Hospital. Ku Cape Maclear mumadalira kachipatala ka m'mudzi ndi chipatala cha ku Monkey Bay. Koma kuchokera ku Chelinda kukafika ku Rumphi ndi makilomita oposa 100 a msewu wovuta, ulendo wa maola angapo, ndipo netiweki ya foni imasowa m'malo ambiri. Tengani buku lake la kusikelo. Galimoto igone itayang'ana kotulukira, mafuta alimo, kiyi ali pamalo amene akuluakulu onse akudziwa, ndipo woyendetsa mmodzi asalawe mowa usiku umenewo. Mwana akakomoka, akamasanza chilichonse, akakana kuyamwa ndi kumwa, akamapuma mobanika, kapena akalefuka moti sakudzuka bwino, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Tenti ndi katundu mudzazitenga mawa. Ngati kumene mukupitako kulibe galimoto yogona pomwepo, kulibe netiweki, ndipo chipatala chili kutali, sankhani malo ena, kapena mwanayo atsale ndi agogo ake.